Pakati pa Wani ndi Faifi

Pakampani ina yopanga matiresi panali mafunso amitundu iwiri tsiku limodzi: m'mwamba abwana ankafunsa anthu ofuna ntchito, pomwe pansi, m'kachipinda kosungiramo mipando yothyoka, mtsikana wina wa kuyunivesite ankafunsa antchito a pakampanipo za kafukufuku wake wa kudzikhulupirira pantchito. Bambo a mapasa, amene anabwera kudzafuna ntchito atavala jekete lobwereka kwa alamu awo, anafunsa mlonda kuti mafunso akuchitikira kuti, mlondayo n'kuwalozera pansi.

"Odi muno!"

"Lowani, bambo, lowani! Mwabwerera mafunso?"

"Omwewo, mayi."

"Ee, Mulungu ngwabwino! Ndinu womaliza. Anzanu enawa akumangosuzumira pakhomo n'kubwerera."

"Asiyeni azibwerera," anatero bambo a mapasa akumwetulira. "Tichepe."

"Khalani apo. Ayi, osati umenewo, ulibe mwendo. Winawo."

Anakhala chakumapeto kwa mpando, manja ali lendee m'mbali chifukwa jekete linkawafinya m'khwapa. Mtsikanayo anaika foni patebulo n'kudina kuti iyambe kujambula mawu. Pakona, fani yakale inkatembenuza mutu uku ndi uku ngati ikukana zonse zisananenedwe.

"Tisanayambe ndikuuzeni malamulo. Choyamba, dzina lanu sindilemba."

"Musavutike, mayi, ndilemba ndekha. Cholembera ndabwera nacho."

"Simunamve. Dzina silikufunika. Palibe adzadziwe kuti munalowa muno."

"Ngakhale inuyo?"

"Ngakhale ine ndiyesetsa kukuiwalani."

Bambo a mapasa anasendera kutsogolo. "Nanga mudzandiitana bwanji?"

"Sindidzakuitanani."

"Iii! Tisanayambe n'komwe?"

"Aliyense timamuuza choncho. Chachiwiri, muli ndi ufulu wotuluka nthawi iliyonse imene mwafuna."

"Sindituluka."

"Ndikungonena kuti mukafuna..."

"Mayi, muno mundichotsa ndi mpando womwe."

"Chabwino, khalani. Chachitatu, palibe malipiro."

Fani inayang'ana mtsikanayo, n'kuyang'ana bambowo.

"Mwezi woyamba wokha?"

"Palibiretu. Koma tikamaliza ndikupatsani botolo la zoziziritsa kukhosi ndi bisiketi."

"Pamwezi?"

"Kamodzi basi."

Apa bambo a mapasa anakumbukira zimene alamu awo anawachenjeza powabwereka jekete, kuti makampani akuluakulu amayamba ayesa kaye mtima wa munthu ndi mafunso a msampha. Anawongola khosi.

"Ndamva, mayi. Zinazo tidzakambirana mukaona manja anga."

"Zikomo. Funso loyamba: pakampani pano mwakhalapo nthawi yaitali bwanji?"

"Kuyambira m'mawa."

"Ayi, ndikufunsa kuti munayamba liti kubwera kuno?"

"Ooo! Chaka chatha. Lolemba lililonse ndimafika geti asanatsegule."

"Lolemba lokha?"

"Masiku enawo ndimapita kumakampani ena. Lachiwiri kwa opanga sopo, Lachitatu kwa a mabotolo, Lachinayi kulikonse kumene miyendo yalozera."

Mtsikanayo anayang'ana kuchitseko, n'kutsitsa mawu. "Abwana anu akudziwa zimenezi?"

"Adziwa bwanji poti anathawa?"

"Anathawa?"

"Osatsanzika. Tinangofika m'mawa wina, pachitseko pali loko wamkulu ngati mutu wa mwana. Njinga yanga ili momwemo mpaka lero, ndi pampu yomwe."

"Koma ine ndawaona m'mawa uno! Chipinda chino andipatsa ndi iwowo."

Bambo a mapasa anadzambatuka. Kumsana kwa jekete kunamveka kuti pwee.

"Mwawaona? Afupi, a dazi, oyenda ngati nsapato zikuwaluma?"

"Ndi amayi, bambo. Aatali, a magalasi."

Anabwerera pampando pang'onopang'ono akupukusa mutu. "Ha! Munthu uja wafika pamenepo pofuna kubisala?"

"Tizisiye zimenezo. Tipite ku funso lenileni. Pakati pa wani ndi faifi, mumadzikhulupirira bwanji?"

"Ya masana kapena ya m'bandakucha?"

"Chiyani?"

"Wani ndi faifi wakeyo. Chifukwa ngati ndi m'bandakucha ndimakhala ndili m'tulo. Koma masana, cha m'ma thuu ndikakhuta, chikhulupiriro chimatsikako pang'ono. Pofika folo chimabwerera chokha."

"Si nthawi, bambo! Ndi muyezo. Wani ndiye kuti simudzikhulupirira n'komwe. Faifi ndiye kuti mumadzikhulupirira kwambiri."

"Anzanga anena zingati?"

"Sindingakuuzeni."

"Wapamwamba penipeni wanena zingati?"

"Faifi ndiye pothera."

"Lembani sikisi."

"Kulibe sikisi."

"Ndiye wabwera lero."

Mtsikanayo anafuna kukana, koma nkhope yake inawala. Anasendeza foni pafupi ndi bambowo.

"Inu ndi amene ndimakusowani! Kafukufuku wanga akufuna anthu ngati inu."

"Kafukufuku? Mwandifufuza kale?"

"Ndafufuza anthu ambiri."

"Ngati mwafunsa aneba a kumbuyo kwathu, nkhani ya nkhuku ija inatha. Inabwera yokha m'khitchini."

"Za nkhuku sizikundikhudza. Tsopano ndiuzeni, chimakudzutsani m'mawa n'chiyani?"

"Mapasa. Wina amakoka mphuno, wina amakhala pamimba."

"Ayi, ndikunena chimene chimakukankhani kuti munyamuke."

"Mayi awo. Ndi chigongono, apa." Analoza m'nthiti.

"Cha mkati, bambo! Cha mumtima! Moto umene umayaka mkati mwanumo!"

Bambo a mapasa anatong'ola maso. "Ndi chilungulira chomwe mwafufuza? Eee, ndinu akatswiri. Koma sichindilepheretsa kanthu, mayi. Ndikamwa madzi ofunda chimazima."

"Sichiyenera kuzima!"

"Ndizichisiya?"

"Chiziyaka tsiku lonse!"

"Chabwino. Ndizidya zokazinga m'mawa."

Mtsikanayo anakoka mpweya wautali, n'kugwira m'mphepete mwa tebulo.

"Tiyese njira ina. Tiyerekeze kuti mwapatsidwa ntchito yovuta imene simunaigwirepo."

"Ndavomera."

"Ndati tiyerekeze."

"Ndavomera moyerekeza. Koma ndikhoza kuyamba zenizeni."

"Tiyerekeze kuti mwaiyesa, ndipo mwalephera."

"Ndalephera chiyani?"

"Chilichonse."

"Ayi, mundiuze kaye. Mwina wolakwa si ine. Ndinali ndi ndani?"

"Munali nokha."

"Ntchito yovuta chonchi mwandisiya ndekha? Ndiye mwalakwa ndinu, mayi, pepani."

"Sindinakusiyeni! Palibe ntchito yake! Tikungoyerekeza!"

"Ngati palibe ntchito yake, ndalephera bwanji?"

Mtsikanayo anaseka yekha, akuwomba m'manja pang'ono.

"Mukuona? Simuvomera kugonja! Ndi zimenezi! Anthu odzikhulupirira amagwira ntchito kuposa anzawo, ndipo inu mutsimikiza zimenezi pompano. Funso lomaliza. Mwezi wathawu, ntchito yanu pakampani pano mwaigwira bwanji?"

"Sindinagwire."

"Simunagwire bwino?"

"Sindinagwire basi."

"Munadwala?"

"Ine? Taonani." Anapinda mkono kuti aonetse nyonga. Jekete linadandaulanso.

"Munali patchuthi?"

"Tchuthi cha chiyani, mayi?"

"Nanga mwezi winawo?"

"Chimodzimodzi."

"Chaka chonsechi mwapanga matiresi angati?"

"Olo amodzi. Ndimangowaona akutuluka pageti ali pa lole, atakutidwa m'mapulasitiki. Okongola, mayi. Ndikuyamikireni."

"Ndiye tsiku lonse mumatani?"

"Ndimaima pageti, kumacheza ndi alonda. Dzuwa likakula ndimapita kunyumba."

"Palibe amakukalipirani?"

"Ayi, ndi anthu aulemu. Amangoti, 'Bwerani sabata yamawa.'"

"Ndiye inu n'kubweradi?"

"Osaphonya."

Mtsikanayo anasolola cholembera chimene anachitsomeka m'tsitsi, n'kuchiluma.

"Sizingatheke. Munthu wa faifi..."

"Sikisi."

"Munthu wodzikhulupirira chonchi ayenera kukhala patsogolo pa onse! Onse ndawafunsa akugwirizana ndi zimene ndinalemba. Inu nokha mukufuna kundigwetsera nyumba yonse. Ayi, bambo, tigwirizane. Tsitsani chikhulupiriro chanu chifike pa thuu."

Bambo a mapasa anatembenukira kwa fani n'kuinong'oneza, "Msampha uja ndi uwu." Kenako mokweza, "Seveni."

"Bambo!"

"Mukapitiriza ndifika pa teni."

"Ndiye kwezani ntchito. Nenani kuti munasokako matiresi amodzi."

"Sindinasoke."

"Munadulako siponji?"

"Ayi."

"Munanyamulako?"

"Ayi."

"Kukhudza kokha! Munakhudzako?"

Bambo a mapasa anayang'ana kudenga. "Ndinagonerapo kwa alamu anga. Koma anali a kampani ina."

"Mayo ine! Simukayika ngakhale pang'ono? Chaka chathunthu osagwira kanthu, mukadziyang'ana pagalasi mumaona chiyani?"

"Galasi lathu ndi laling'ono. Ndimaona mphuno ndi diso limodzi."

"Ndiye?"

"Koma ndi diso la munthu wolimbikira."

"Folo. Tiyeni tikumane pa folo."

"Mawa kapena lero?"

"Muyezo, bambo, muyezo!"

"Ooo. Eyiti."

Mtsikanayo anagwetsa mapewa. Anapisa m'katoni imene inali pansi pa tebulo, n'kutulutsa botolo ndi bisiketi.

"Basi, mwapambana. Tengani. Pitani mukagwire ntchito. Ndikukupemphani, lero lokha, mukagwireko kanthu."

Bambo a mapasa analandira ndi manja awiri, koma sanadzuke.

"Ndikagwire chiyani?"

"Ntchito."

"Lero?"

"Pompano."

"Pakampani pano?"

"Nanga kuti? Kwa opanga sopo?"

"Mayi!" Anadumpha, mpando n'kugwa chagada kumbuyo kwawo. "Mayi inu! Mulungu akudalitseni, akupatseni mapasa anuanu!" Anagwira dzanja la mtsikanayo n'kuligwedeza mpaka cholembera chinagwa. Anapsompsona botolo. Anawerama pamaso pa fani. Kenako anasolola kafoni kawo komangidwa ndi mphira, n'kuimba akuzungulira tebulo.

"Mayi a mapasa! Mwakhala pansi? Khalani pansi! Yatheka! Andilemba! Eee, pompano! Ayi, dzina salemba, ndi makampani amakono awa. Malipiro? Ayamba ndi botolo, zinazo tikambirana. Musalire, mkazi wanga, musalire. Uzani alamu kuti jekete lawo lili ndi mwayi. Latseguka pang'ono kumsana, koma mwayiwo unalowera pomwepo!"

Mtsikanayo anali ataima chilili, pakamwa pakutseguka pang'onopang'ono ngati geti la pakampanipo.

"Bambo."

"Wawa, mayi."

"Wakulembani ndani?"

"Inu."

"Ine?"

"Musachite manyazi, mwasankha bwino."

"Dikirani. Inu simugwira ntchito pano?"

"Ndayamba pompano."

"Musanalowe muno?"

"Ndinali lova, mayi. Chiyambire tsiku la loko lija."

"Ndiye pageti mumadzatani?"

"Kudzafunsa ngati kuli malo."

Mtsikanayo anakhala pampando wopanda mwendo uja osayang'ana, n'kupendekeka, n'kudzigwira kukhoma.

"Bambo, ine si bwana. Ndine wophunzira. Ndabwera kudzafunsa antchito a pano za maphunziro anga. Sindingalembe munthu ntchito, ngakhale yosesa kachipinda kano."

"Koma mwanena ndi pakamwa panu. Foni yanuyo yamva."

"Ndimayesa ndinu wantchito!"

"Ndine wantchito, mayi. Ndikungosowa ntchito."

"Mafunso a ntchito ali m'mwamba! Ndaona anthu a matayi atandanda pamasitepe m'mawa uja."

Onse awiri anayang'ana kudenga. Kumwambako kunamveka mpando ukukokedwa, chitseko chikutseguka, ndi mawu a munthu akuti, "Wotsatira!"

"Ndiye botololi?"

"Ndi lanube."

Kafoni ka mphira kanayamba kulira. Bambo a mapasa anakayang'ana ngati njoka, n'kuyankha ndi mawu aang'ono.

"Halo? Ee. Aneba afika kale? Ndi a kumbuyo omwe? Akuimba ndani? Ooo, mapasa. Ayi, ayi, zonse zili bwino. Ndili pamsonkhano." Anadula. "Akuti alamu akubwera ndi sipika."

"Thamangani m'mwamba, bambo, mwina mupeza asanatseke. Pepani. Pepani kwambiri."

Anathamangiradi kuchitseko, n'kugwira chogwirira. Koma kumbuyo kwawo kunamveka kaphokoso kachilendo. Atacheuka anaona mtsikana uja atagoneka mutu patebulo, mapewa akugwedezeka.

"Achemwali, mukulira kapena mukuseka?"

"Zonse."

"Sankhani chimodzi, ndidziwe chochita."

"Pitani, bambo, muchedwa."

"Mzere ndi wautali, mwanena nokha. Chavuta n'chiyani? Wochotsedwa ntchito ndine, inu mukulira chiyani?"

Mtsikanayo anadzutsa mutu, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Mawa ndikaonekere kwa aphunzitsi anga ndi chiyani? Ndi nkhani ya nkhuku ndi chilungulira? Adzandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ine n'kuiwala ndi dzina langa lomwe. Ndimatero ine. Munthu wamkulu akangondifunsa funso, lilime limauma gwa."

"Inuyo? Amene mwandipanikiza muno ngati wapolisi?"

"Kufunsa n'kosavuta. Kuyankha ndiye ayi. Digiri yoyamba ndinamaliza kalekale. Anzanga onse ali m'maofesi, ine ndimakhala kwa azakhali, kumawachapira makatani. Akandiitana kumafunso a ntchito ndimavala bwinobwino, kufika pakhomo, kumva mawu mkatimo, n'kutembenuka. Kwina ndinanamizira kuti ndabwera kudzafunsa njira. N'chifukwa chake ndinabwerera kusukulu. Kumeneko munthu umabisala bwino."

Bambo a mapasa anasiya chitseko. Anaika botolo patebulo, kudzutsa mpando umene unagwa, kutembenuza foni ija kuti iyang'ane mwini wake, n'kukhala mwaubwana mmene jekete linawalolera.

"Dzina lanu sindilemba," anatero.

"Bambo, musandiseke."

"Pakati pa wani ndi faifi?"

"Wani."

"Masana ano?"

"Nthawi zonse."

"Iii! Ndiye mumayenda m'makampani kufunsa anthu katundu amene inu mulibe?"

"Ndimafuna ndidziwe kumene amamupeza."

"Ayi, ayi, ayi, wani ndakana. Tiyeni tione bwinobwino. Ndani wandiuza m'maso muli gwa kuti malipiro palibe, osaphethira n'komwe?"

"Ine."

"Ndani wakana sikisi wanga?"

"Ine. Koma kulibedi sikisi."

"Mwaona? Mpaka pano mukukanabe! Ndipo ndani walemba munthu ntchito pakampani ya eni ake, eni akewo ali m'mwamba osadziwa?"

Mtsikanayo anaphulika kuseka, misozi ikadali m'masaya. "Sindinadziwe!"

"Osadziwa mwachita zimenezi. Nanga mutadziwa? Mukanagulitsa kampani yonse ndi alonda omwe! Munthu wotere n'kumati wani? Taimirirani!"

"Bambo..."

"Imirirani, achemwali! Mapewa kumbuyo. Osati choncho, mukukhala ngati mwameza ndodo. Eya, choncho. Chibwano m'mwamba. Yang'anani fani ija, ndi aphunzitsi anu amenewo. Akupukusa mutu, mwaona? Auzeni!"

"Ndiwauze chiyani?"

"Nambala!"

"Thuu," anatero mtsikanayo chapansipansi.

"Sanamve, akupukusabe."

"Firii!"

"Amayang'ana pamwamba pa magalasi eti? Inu ayang'aneni pansi pa magalasi!"

"Folo!"

"Makatani a azakhali azichapa ndani?"

"Azichapa okha! Faifi!"

"Pothera ndi pomwepo?"

"Sikisi!"

"Kulibe sikisi!"

"Wabwera lero!"

Bambo a mapasa anakuwa ngati timu yawo yagoletsa. Anayamba kuguba mozungulira tebulo akumenya botolo ndi cholembera, mtsikanayo akuwatsatira pambuyo, chibwano m'mwamba, manja akuponya uku ndi uku. Anagunda mulu wa mipando yothyoka, mipandoyo n'kugumukira pansi ndi chiphokoso, koma palibe anacheuka.

"Kodi ndinu ndani?" anafuula bambowo.

"Wofufuza!"

"Mumaopa ndani?"

"Palibe!"

"Chitseko mumachitani?"

"Ndimachitsegula!"

"Mukamva mawu mkatimo?"

"Ndimalowa ndithu! Aope ndi iwowo!"

Anaima onse awiri ali wefuwefu, akuseka, thukuta lili kamukamu. Mtsikanayo anagwira pachifuwa.

"Bambo, ukuyaka!"

"Chiyani?"

"Moto uja! Ndikuumva apa!"

"Musamwe madzi ofunda!"

"Sindimwa!" Anapuma pang'ono akudzikupiza ndi dzanja. "Eee, ndiye mmene mumamvera inu tsiku lililonse?"

"Kupatula cha m'ma thuu."

"Zikomo, bambo. Simukudziwa chimene mwandichitira. Tsopano thamangani, nanunso mukawaonetse. Kodi m'mwambamo akufuna wa ntchito yanji?"

"Wolandira makasitomala," anatero bambo a mapasa akukonza tayi. "Kuwafunsa zimene akufuna, kumva madandaulo awo, kulemba bwinobwino n'kukapereka kwa abwana."

"Kufunsa anthu mafunso?"

"Tsiku lonse."

"N'kumalipidwa?"

"Mwezi ndi mwezi. Osati mabisiketi."

"Munachita kulembera kalata?"

"Ayi, anangomata pageti kuti aliyense afike ndi mapepala ake a sukulu."

"Akufuna anthu angati?"

"Mmodzi yekha."

Mtsikanayo anazimitsa foni n'kuiponya m'chikwama. M'chikwama momwemo anasolola envelopu yaikulu yakhaki, yopindika m'makona chifukwa choyenda nayo nthawi yaitali, n'kuiwongola pa bondo. Anakonza tsitsi, kukuntha fumbi pa siketi, kukweza chibwano, n'kutsegula chitseko ndi dzanja limodzi.

"Eyaaa!" Bambo a mapasa anawomba m'manja. "Mayendedwe ake ndi amenewo! Taonani mapewa! Aphunzitsi aja mawa athawira pawindo!"

Nsapato za mtsikanayo zinkalira kho, kho, kho m'khonde.

"Achemwali, mwasochera ndi chimwemwe! Geti lili uku. Uko n'kumasitepe."

"Ndikudziwa, bambo!"

Bambo a mapasa anasiya kuwomba m'manja, manjawo ali m'malere. Anamva mapazi akukwera mothamanga, ndi mawu atsopano, olimba, akuuza anthu a matayi kuti, "Pepani, ndidutse nawo." Anatola botolo, kuliikanso, kutola bisiketi, n'kutulukira m'khonde jekete likuuluka mbali ziwiri.

"Achemwali! Tabwererani tikambirane! Ndakuonetsetsani bwino tsopano, inu simungathe!"